Mabatire atatha, kafoni kanatipulumutsa

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana anga ankadalira maphunziro a pa wailesi ya MBC. Vuto kwathu kuno ku Bembeke linali mabatire. Sabata isanathe afooka, mawu a aphunzitsi n'kumangomveka ngati udzudzu.

Ndinakumbuka kuti kafoni kanga kamabatani kali ndi FM. Sikagwira popanda mahedifoni, poti waya wakewo ndiye eriyo. Ndinaulowetsa, kuukoleka pamsomali wa pazenera, n'kutsegula sipika. Mawu mbee!

Chinandikomera kwambiri n'chakuti kamajambulanso mawu mumemori khadi. Mwana akaphonya masamu ali kudimba kothirira kachewere, ankamvera madzulo, kubwereza mpaka zimulowe. Kutchaja ndinkapita pa sola ya aneba, ndimbale ya nandolo m'manja.