Kusanja mwatsopano mafayilo a Neovim popanda kuwononga zimene zikuyenda kale

Ngati mumagwiritsa ntchito Neovim (pulogalamu yolembera ndi kukonzera mafayilo) pamodzi ndi lazy.nvim (imene imatsitsa ndi kuyang'anira ma plugin, omwe ndi timapulogalamu towonjezera luso la Neovim), ndipo mafayilo a mu ~/.config/nvim achuluka moti mukufuna kuwasanja mwatsopano, musayambe n'kukhudza amene mumawadalira tsiku ndi tsiku. Koperani foda yonseyo mu ~/.config momwemo n'kuipatsa dzina lina, monga nvim-yoyesera, kenako tsegulani pulogalamuyi polemba NVIM_APPNAME=nvim-yoyesera nvim. Njira imeneyi inabwera ndi Neovim 0.9 m'chaka cha 2023, ndipo imasunga padera ma plugin a foda yoyeserayo, choncho ngakhale mutalakwitsa motani, zakale zija zimakhalabe bwinobwino.

Chimene chandipulumutsa kwambiri ndi fayilo ya lazy-lock.json, imene ambiri saiganizira n'komwe chifukwa imadzilemba yokha. M'menemo mumalembedwa commit yeniyeni (chizindikiro cha mmene mafayilo analili pa nthawi imene anasungidwa) ya plugin iliyonse imene muli nayo. Isungeni mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo) limodzi ndi mafayilo enawo, ndipo muzipanga commit musanalembe :Lazy update mu Neovim, lamulo lotsitsa ma plugin atsopano. Plugin ina ikabwera ndi vuto, bwezerani fayiloyo mmene inalili polemba git checkout lazy-lock.json, kenako lembani :Lazy restore, ndipo zonse zibwerera pomwe zinali osataya nthawi kufufuza kuti yalakwa ndi iti.

Ine sindisanjanso mafayilo ndi kutsitsa ma plugin atsopano mu commit imodzi, pakuti chinthu chikasokonekera simudziwa ngati cholakwa ndi chanu kapena cha amene analemba plugin.