Mmene ndinasiyira kulakwitsa 4³

Kwa nthawi yaitali ndikaona 4³ ndinkalemba 12. Ndinkangochulukitsa 4 ndi ka 3 kapamwambako basi, osadziwa kuti kameneko kakutanthauza kuti 4 abwere katatu: 4 × 4 × 4.

Chimene chinanditsegula mutu ndi timabokosi tofanana mbali zonse. Ndinayala 4 m'litali, 4 m'lifupi, tinakwana 16. Kenako ndinasanjikiza miyalo inayi yotere. Kuwerenga tonse, 64! Ndinadziseka ndekha.

Cube root ndiye ulendo wobwerera: timabokosi tikakhala 125, mbali imodzi pali tingati? Ndinayesa 5 × 5 × 5, zinatheka. Pano ndinaloweza 1, 8, 27, 64, 125, 216, omwe ndi mayankho a 1³ mpaka 6³, moti nditakumana ndi 343 sindinavutike, ndinangoyesa 7.