Kuchedwetsa Msambo ku Britain: Mmene Mungapezere Mapiritsi Nthawi Isanakuthereni

Amayi ambiri ku Britain amakumbukira za mapiritsi ochedwetsa msambo ukwati, ulendo wa kumudzi kapena mayeso zitayandikira kale. Aimba foni kwa GP (dokotala wa m'dera lawo) 8 koloko mmawa, apeza malo adzaza, kapena wolandira alendo awauza kuti kumeneko salembera mankhwala amenewa. Ma GP ena amakanadi chifukwa amaona kuti kuchedwetsa msambo si kuchiza matenda. Choncho yambani kufunsa kutatsala milungu itatu kapena inayi.

Mankhwala ake ndi norethisterone, piritsi la 5mg, ndipo amapezekanso m'maina a Utovlan ndi Primolut N. Mumamwa piritsi limodzi katatu pa tsiku, kuyambira masiku atatu msambo usanayambe. Mukachedwa kuyamba, chiberekero chimakhala chayamba kale kukonzeka kutulutsa magazi ndipo mapiritsiwo sangaletse bwinobwino. Mukasiya kumwa, msambo umabwera pakatha masiku awiri kapena atatu. Ma famase ambiri amapereka okwanira kuchedwetsa msambo mpaka masiku 17 basi. Dziwaninso kuti awa si mapiritsi olera, mukhoza kutenga pakati mukumwa.

M'malo molimbana ndi foni, lembani fomu ya pa intaneti ya kuchipatala chanu kapena pa NHS App. Lembani zonse kamodzi kuti asakubwezereni mafunso: tsiku limene mukuyembekeza msambo, masiku amene mukufuna kuuchedwetsa, kulemera ndi kutalika kwanu, BP yanu yaposachedwa, ngati mumasuta fodya, mankhwala amene mukumwa, ndiponso kuti simuli oyembekezera. Akakulemberani pa NHS, ku England mulipira £9.90, pomwe ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi ulere. Ma GP ena amalemba pulayiveti, ndiye mtengo amakuuzani ku famase.

Akakana, musataye masiku ndi kukangana. Boots Online Doctor ndi Superdrug Online Doctor, za masitolo a mankhwala a Boots ndi Superdrug, amafunsa mafunso omwewo pa intaneti, dokotala kapena wa famase amaona mayankho anu, kenaka mumakatenga kusitolo kapena amakutumizirani. Famase iliyonse ya pa intaneti onetsetsani kuti ili m'kaundula wa General Pharmaceutical Council, bungwe loyang'anira ma famase. Mapiritsi a mnzanu kapena ogula pa Facebook asiyeni.

Mafunsowo muyankhe zoona, chifukwa nkhani yaikulu ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha. Thupi limasandutsa gawo la norethisterone kukhala homoni ya estrogen, imene imaonjezera chiopsezochi, ndiye amene magazi anawaundanapo, kapena zinachitikira makolo kapena abale awo, onenepa kwambiri, osuta fodya, ndi odwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso, akhoza kukanizidwa. Chimodzimodzi amene anadwalapo khansa ya m'mawere, matenda a chiwindi, kapena akutaya magazi osadziwika chifukwa chake. Ulendo wa pandege wochoka ku London kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi mpaka ku Lilongwe ndi wautali, ndipo kukhala pampando maola ambiri kumaonjezera vutoli, choncho muutchule. Kwa ena dokotala amalemba medroxyprogesterone, wotchedwa Provera, m'malo mwake. Funsani za ameneyu mukakanizidwa woyambayo.

Ngati mukumwa kale mapiritsi olera a mahomoni awiri monga Microgynon kapena Rigevidon, simukufunika norethisterone. Mukamaliza mapiritsi 21, yambani paketi ina tsiku lotsatira osapuma masiku asanu ndi awiri aja. Ngati paketi yanu ndi ya mapiritsi 28, dumphani opanda mankhwala aja n'kuyamba yatsopano. Mapiritsi amene mphamvu yake imasintha sabata ndi sabata, funsani kaye ku famase. Mapiritsi olera a homoni imodzi sachedwetsa msambo mwa njira imeneyi.

Mukumwa mukhoza kumva mseru, mutu, mawere kuwawa, mimba kufufuma, ndi timadontho ta magazi makamaka mukaiwala piritsi. Ikani alamu pa foni kuti mumwe pafupifupi maola asanu ndi atatu alionse. Koma mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa m'katumba, siyani mapiritsi n'kuimba 111, nambala ya NHS ya thandizo lamsanga, tsiku lomwelo. Pachifuwa pakawawa kapena mpweya ukamabanika, imbani 999. Msambo ukapanda kubwera patatha sabata mutasiya, yezani mimba.