Nthochi zikuyamba kufota? Vuto lili mudothimo

Alimi anzanga, nthochi zikangoyamba kuchita chikasu funso lomwe ndimalandira ndi lomweli: alangizi, tipopere mankhwala anji? Ngati ndi matenda a Panama, osataya ndalama zanu, palibe mankhwala opopera omwe angachize nthochi yoti yagwidwa kale.

Choyamba tsimikizani kaye kuti ndi iwowo. Masamba akale akumunsi ndi omwe amayamba kuchita chikasu kuyambira m'mbali, kenako amathyokera pathunthu nkumangolendewera ngati siketi, nthawi zina thunthu limang'aluka chakumunsi. Mukalidula mupeza mizere yofiirira mkati. Ameneyo ndi fangasi (kachilombo ka mtundu wa nkhungu) wotchedwa Fusarium, amalowera kumizu nkutseka njira zomwe madzi amakwerera, nde nthochi imafa ndi ludzu ngakhale pansi pali ponyowa.

Chovuta chake nchoti fangasiyu amatha kukhala mudothi zaka 20, 30 ngakhale nthochi mutazula zonse. Ndi yemweyu anathetsa minda ya nthochi za mtundu wa Gros Michel ku Central America m'ma 1950 mpaka anthu anasinthira ku mtundu wina wa nthochi wotchedwa Cavendish, ndipo pano mtundu wina wa fangasiyu wotchedwa TR4 ukugwiranso Cavendish yemweyo, unapezeka ku Mozambique mu 2013 komanso ku Colombia mu 2019.

Tsono ife mphamvu yathu ili pa dothi. Fusarium amasangalala mudothi la asidi wambiri, nde yezetsani dothi lanu, pH (muyeso wa asidi mudothi) ikakhala pansi pa 6 ndiye kuti asidi wachuluka, thirani laimu kuti ikwere kufika cha m'ma 6.5 kapena 7. Laimu safuna phuma, muthireni miyezi iwiri kapena itatu musanabzale ndipo mumusakanize ndi dothi, osangomwaza pamwamba basi. Mlingo wake uchokere ku zotsatira za kuyeza kuja chifukwa mukapyola muyeso nthochi zimavutikanso kupeza michere ina. Phulusa la nkhuni limathandizako koma pang'ono chabe.

Manyowa nde ndimalimbikira kwambiri. Mudothi lamanyowa mumakhala tizilombo tabwino tambirimbiri, ngati Trichoderma, tomwe timalimbirana malo ndi chakudya ndi Fusarium, tina timachita kumudya kumene. Koma akhale owolerana bwino, ozizira, onunkhira dothi. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu, ndipo muzu wachilonda ndi khomo lolowera matendawa. Ndipo chonde, thunthu lodwala musaliponye pamulu wa kompositi, ndimaona anthu akuchita izi poti akuti chinyalala chilichonse ndi manyowa, kumeneko nkufesa matenda munda wonse ndi manja anu omwe.

Feteleza naye samalani. Yuriya ndi amoniamu salifeti mukamathira chaka ndi chaka zimaonjezera asidi uja. Chepetsani, ndipo osathira yuriya tsiku limodzi ndi laimu, nayitrojeni amathawira mumpweya.

Ndinene poyera kuti zonsezi sizimupha fangasiyu kuti atheretu ayi, zimangomufooketsa kuti nthochi zochepa zidwale komanso munda ukhalitse. Nchifukwa chake ziyendere limodzi ndi zina: ana a nthochi ochokera kumunda kopanda matenda, ngalande kuti madzi asamadikhe kapena kuyenda kuchoka pa phando lodwala kupita kwina, komanso kutsuka khasu, chikwanje ndi nsapato musanalowe mbali ina ya munda. Pomwe yafera nthochi tchingani, osakumbakumba, ndipo musabzalepo ina yamtundu womwewo.