Mmene mungapezere anzanu ku Granada, mzinda wa ku Spain, ngati mwachokera ku America kudzaphunzira

Chimene chimasowetsa ophunzira ambiri a ku America anzawo ku Granada ndi nthawi yodyera. Kwanu munazolowera mgonero wa 6 koloko, koma kuno nkhomaliro imadyedwa cha m'ma 2, mgonero cha m'ma 9 kapena 10 usiku. Mukadya msanga n'kukagona, anzanu amakumana inu muli m'tulo. Ponyani kenakake kukamwa madzulo, mutuluke 9 ikakwana.

M'mabala ambiri mukagula chakumwa, ngakhale chosaledzeretsa, amakupatsani kambale ka chakudya kaulere kotchedwa tapa. Malo awiri kapena atatu, mwakhuta ndithu. Koma kumwera mowa mumsewu n'koletsedwa, apolisi amalipiritsa chindapusa.

Musamangounjikana ndi a kwanu okhaokha, Chisipanishi sichingakulowereni. Pitani ku intercambio, mkumano wa anthu ophunzitsana zilankhulo, komwe mumacheza m'Chisipanishi kwa kanthawi kenako m'Chingerezi, ndipo muzipitako sabata iliyonse kuti nkhope yanu izolowereke. Ikani WhatsApp pafoni, chifukwa mapangano onse amachitikira kumeneko. Pogawana bilu anzanu adzatchula Bizum, njira yotumizirana ndalama pafoni yomwe imafuna akaunti ya banki ya ku Spain, choncho muziyenda ndi mayuro ochepa m'thumba.