Momwe mungasanjire nyimbo zakale za ku Japan za nyengo ya sakura

Nyimbo zimenezi zili ndi nyengo yake. Ku Japan chaka cha sukulu chimatha mu Malichi n'kuyambanso mu Epulo, makampani ambiri amalandiranso antchito atsopano kumayambiriro kwa Epulo, ndipo ndi m'masabata omwewa pamene chisanu chimatha, mitengo ya sakura n'kuchita maluwa. N'chifukwa chake nyimbo zambiri za nyengoyi ndi zotsanzikana: ophunzira akubalalika, wina akukwera sitima ya ku Tokyo, mnzake akutsala. Ine ndinazisanja pokonzekera phwando lotsanzikana ndi mayi wina wa ku Japan amene tinkagwira nawo ntchito. Enanu mwina munazimvapo kale osadziwa, m'mawailesi a magalimoto ochokera ku Japan aja, momwe mwini wake wakale amasiyamo nyimbo zake.

Choyamba, fufuzani chaka chimene munthu amene mukumusanjira nyimbozo anabadwa. Osayamba ndi nyimbo ayi. Pachakacho wonjezerani 15, kenako 20, ndipo nyimbo zimene zinatuluka pakati pa zaka ziwiri mwapezazo ndi zimene zidzam'khudze. Wobadwa cha m'ma 1960 anakula ndi "Nagori Yuki" ya Iruka ya mu 1975, "Haru Ichiban" ya gulu la atsikana atatu la Candies ya mu 1976, ndi "Okuru Kotoba" ya Kaientai ya mu 1979, yomwe inatchukira pa sewero la pa TV la mphunzitsi Kinpachi mpaka masukulu anayamba kuiyimba pa mwambo womaliza maphunziro. Wobadwa cha m'ma 1968 m'patseni "Akai Sweet Pea" ya Seiko Matsuda ya mu 1982 ndi "Haru na no ni" ya Yoshie Kashiwabara ya mu 1983, imene anailemba ndi Miyuki Nakajima. Wobadwa cha m'ma 1980 ndiye wa "Haru yo, Koi" ya Yumi Matsutoya ya mu 1994, "Cherry" ya Spitz ya mu 1996 ndi "Sakurazaka" ya Masaharu Fukuyama ya mu 2000. Mukasokoneza mibadwoyi munthu adzangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima zii.

Chachiwiri, kusaka nyimbozo, ndipo apa mpamene pali msampha. Musasake ndi mutu wa nyimbo wokha. Oimba a ku Japan amabwerezabwereza mitu yomweyomweyo moti mutha kulusa. M'miyezi iwiri yoyambirira ya 1985 yokha kunatuluka nyimbo zotchedwa "Sotsugyo", kutanthauza kumaliza sukulu, za anthu osiyanasiyana: ya Yutaka Ozaki, ya Yuki Saito ndi ya Momoko Kikuchi. Ine ndinkafuna ya Saito, nyimbo yofatsa ya mtsikana amene akusiyana ndi mnyamata pa tsiku lomaliza. Ndinalemba mitu papepala n'kusiyira mnyamata wina woika nyimbo m'mafulashi pamsika, iye akuti zonse ali nazo, ngakhale zachijapanizi, musadandaule bwana. Anangotola yoyamba kutulukira pa kompyuta. Pa phwando, nthawi yoti tipereke mphatso, m'sipika munatuluka mawu a mwamuna. Inali ya Ozaki, ya mnyamata wogalukira aphunzitsi amene akukumbukira zoswa mawindo a sukulu usiku. Nyimbo yake ndi yamphamvu, ndipo mwini wake, amene anamwalira mu 1992 ali ndi zaka 26, amakumbukiridwabe kwambiri. Koma si yotsanzikira mayi waulemu wake pamaso pa mabwana. Mayiwo anaseka mpaka misozi, n'kutifotokozera zimene tawaimbira.

Mutu wa "Sakura" ndiye usanene. Ya Naotaro Moriyama inatuluka mu 2003, Ketsumeishi ndi Kobukuro aliyense anatulutsa yake mu 2005, Ikimonogakari mu 2006. Ya Ketsumeishi ili ndi rap mkati, ya Moriyama ndi ya piyano ndi mawu basi. Choncho nthawi zonse lembani dzina la woimba, mutu, ndi chaka. Chabwino koposa, pitani pa Wikipedia, kopani dzina la woimbayo m'zilembo zachijapanizi n'kuliika posakira, chifukwa mukasaka ndi zilembo zathuzi nthawi zambiri mumakumana ndi anthu ongoyeserera kuimba m'chipinda chawo. Dziwaninso kuti Yumi Arai ndi Yumi Matsutoya ndi munthu mmodzi, anasintha dzina atakwatiwa mu 1976, ndiye "Sotsugyo Shashin" ya mu 1975 muipeza pa dzina la Arai. "Nagori Yuki" nayo anayamba kuiyimba ndi a Kaguyahime mu 1974, koma imene anthu ambiri amaikumbukira ndi ya Iruka.

Chinanso chimene mnyamata uja anandichita: nyimbo zingapo m'fulashimo zinalibe mawu konse. Ma CD ang'onoang'ono a m'zaka za m'ma 1990 ankakhala ndi nyimbo yomweyo kawiri, yachiwiri ili ya zing'wenyeng'wenye zokha zoti muziimbirapo karaoke. Poyambira pake zonse zimafanana. Mukamvetsera masekondi khumi okha muganiza zili bwino, ndiye dumphirani pakati pa nyimbo iliyonse mumve ngati woimba alimo.

Chachitatu, kozitenga. Spotify inafika kuno mu 2021 ndipo zambiri mwa izi zilipo, ngakhale zina zimaoneka dzina lokha koma osalira chifukwa eni ake sanazitsegulire mayiko onse. Pa YouTube sakani tsamba lenileni la woimba kapena la kampani yake. Makanema akale a pa TV amene anthu amaikapo okha amasowa mwadzidzidzi, lero alipo mawa achotsedwa, komanso amadya bandulo ngati chiswe. Dikirani bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito, inu mukudziwa.

Ngati mukufuna ma CD enieni oti mupereke ngati mphatso, werengani kaye ndalama. Ka CD ka masentimita 8 kaja kankagulidwa pafupifupi ma yen 1,000 kali katsopano, ndipo masiku ano m'masitolo a kaunjika a ku Japan ngati Book Off ambiri ndi otchipa kwambiri. Chimene chimapweteka ndi mtengo wotumizira, umaposa wa katundu. Ndi bwino kupempha munthu amene akubwera kuchokera kumeneko. Chenjeraninso ndi ogulitsa a pa intaneti amene chithunzi chawo n'chokongola koma chofika ndi CD yojambulira kunyumba ndi chikuto chafotokope. Auzeni ajambule kumbuyo kwa CD yeniyeniyo. Ndipo ka CD kakang'onoko musakalowetse m'wailesi ya galimoto yomeza ija, kakhoza kukanirira momwemo.

Chachinayi, kusanja. Yambani ndi zachangu ngati ya Candies ndi ya Spitz anthu akudya, zofatsa zibwere pakati, "Okuru Kotoba" ikhale nthawi ya mphatso. Zolira zisatsatizane zoposa ziwiri. Nyimbo 15 zakwana.

Chachisanu, linganizani kukweza kwake, chifukwa zojambulidwa m'ma 1970 zimamveka pansi poyerekeza ndi za m'ma 2000. Spotify imachita yokha mukatsegula posankhira pake.

Chomaliza, ikani nambala kutsogolo kwa dzina la fayilo iliyonse, 01, 02, mpaka kumapeto, ndipo yeserani fulashiyo pa sipika yomwe idzagwire ntchito tsikulo, osati pa foni yanu.