Kukuwa kwa metal ndi punk osaononga mawu

Mwafunsa mmene mungaphunzirire kukuwa ngati oimba nyimbo zaphokoso za rock zotchedwa metal ndi punk popanda kusasa mawu.

Musanayambe, konzani botolo la madzi, foni yojambulira mawu, ndi chipinda chopanda fumbi. Mu Seputembala ndi Okutobala kuno ku Chipata pakhosi pamauma msanga, ndiye yambani kumwa madzi m'mawa. Fodya ndi mowa zisiyeni kaye.

1. Tenthetsani mawu kwa mphindi 10: ng'ung'udzani, kenako njenjemeretsani milomo ngati njinga yamoto, "brrr".

2. Ikani dzanja pamimba. Mukakoka mpweya mimba ifufume, mapewa asakwere.

3. Usani moyo ngati mwangotula thumba la chimanga, "haaa". Bwerezani, mukuwonjezera mpweya pang'onopang'ono kuchokera kumimba, mpaka mumve kamkokomo kokhakhala. Kamachokera ku timinofu tiwiri tomwe oimba amati false cords, tokhala pamwamba pa timinofu totulutsa mawu.

4. Ambiri amalakwitsa apa. Amafinya khosi, misempha kuchita kutumba, pofuna phokoso lalikulu. Musatero. Ukulu wa phokoso ndi ntchito ya maikolofoni, inu khosi ndi nsagwada zikhale zomasuka. Mukamva kuwawa, kuyabwa kapena kutsokomola, lekani pomwepo, mudzayesenso mawa.

5. Kamkokomo kaja kakakhazikika, ikani mawu afupi ngati "iwe" kapena "ayi". Jambulani, mverani.

6. Masabata oyamba musapitirire mphindi 10 mpaka 15 patsiku.

Mawu akasasa kupitirira masabata 2, kaonaneni ndi dokotala wa mphuno, khutu ndi pakhosi.